Njinga Sinama

Chaka chimene bambo a kunyumba kwanga anathyoka mwendo, njinga yawo yamoto inatsala m'manja mwanga, ndipo inangotsala pang'ono kundithetsera banja. Ndikaikumbukira nkhani imeneyi mtima umandiwirabe. Ena amene analipo amaifotokoza akuseka, koma kwa ine sinali nthabwala.

Tinkakhala ku Chinamwali, m'nyumba ya lendi kuseri kwa msika. Bambowo anali a kabaza. Ine ndinkagulitsa kachewere, masitiroberi ndi mapichesi, chilichonse pa nyengo yake, zopikula kwa alimi a pamwamba pa phiri la Zomba. M'mawa ankandikweza kumbuyo n'kukandisiya kumtunda, dzuwa likakwera n'kudzanditenga ndi madengu anga. Ndiye tsiku lina galimoto inawaomba pamlatho n'kuthawa. Njinga inangosweka galasi, koma mwini wake anatuluka m'chipatala mwendo uli m'chikhakha kuyambira kuphazi mpaka m'ntchafu, atauzidwa kuti akhale pansi miyezi.

Kuyendetsa ndinkatha. Anandiphunzitsa okha kalekale pa bwalo la mpira ku Masongola, akumaseka mpaka misozi ndikazimitsa injini. Choncho ndinavala buluku mkati mwa chitenje, chisoti kumutu, n'kuyamba kukwera phiri ndekha. Amayi a pampopi anayankhula zawo, ine ndinangowasiya. Ana sadya zonena za anthu.

Kuchokera kumudzi kunabwera achemwali awo aakulu a bambowo kudzathandiza kudwazika. Alamu angawo ndisawanamizire, ndi munthu wa khama. Sangaone chinthu chikudontha n'kuchisiya. Ndowa yathu yobooka anaimata ndi phula, chigubu cha palafini anachimata ndi sopo, ngakhale mng'alu wa khoma anautseka ndi dothi. Koma za mkazi pa njinga yamoto sanazikonde kuyambira tsiku loyamba. Njingayo inkagona pabalaza poopa akuba, pafupi ndi pamene iwo ankayala mphasa, ndipo masiku oyamba ankadandaula kuti fungo la petulo likuwapweteketsa mutu. Kenako anangosiya kudandaula. Ine ndinati basi azolowera.

Vuto linayamba masiku omwewo. Ukachoka m'tauni n'kudutsa nyumba zakale za boma zija, msewu umayamba kukhotakhota, ndipo pali nyumba zomaliza usanalowe m'nkhalango ya paini. Ndili pamenepo njinga inayamba kutsokomola, kukoka mokakamira, kenako zii. Ndinaponda kiki mpaka thukuta, osalira. Mafuta analimo, chifukwa ndinkadzaza madzulo alionse pobwerera, ndipo nditaigwedeza ndinawamva m'thanki. Pamsewu umenewo ukaima pachitunda ndi njinga yolemera umabwerera nayo chafutambuyo. Malo afulati analipo amodzi okha, pakhomo pa kalipentala wina amene ankakhoma mipando ndi zitseko m'mbali mwa msewu. Ndinaikankhira pamenepo n'kudikira. Patapita kanthawi ndinapondanso, inalira ngati sinalakwe kanthu.

Mawa lake chimodzimodzi, pamalo omwewo. Mkuja wake pomwepo. Nthawi zina inkazimanso kumtunda, m'kati mwa nkhalango, koma kumeneko kunalibe wondiona kupatula anyani, ndipo anyani alibe miseche. Ndinkafika kwa alimi mochedwa, masitiroberi abwino atatengedwa kale ndi anzanga, ine n'kumatola zotsala. Potsika sinkavuta, poti kutsika phiri la Zomba njinga imangodziyendera.

Ndinawauza bambo tsiku loyamba lomwelo. Anati ndi pulagi, ndinagula yatsopano. Sizinasinthe. Anati ndipite kwa makanika wawo m'tauni. Makanikayo anatsegula thanki n'kusuzumiramo, anamasula kabureta n'kuuzira, anaikwera n'kuzungulira msika, anabwera akumwetulira. Akuti njinga ili bwinobwino, mwina mayi mukumasiya kilatchi msanga pachitunda. Mwamva? Phiri lonselo ndinalikwera masiku angapo popanda vuto, lero ndaiwala kilatchi pakhomo pa munthu mmodzi yekhayo. Ndinachokapo ndikutukwana chamumtima.

Kalipentala uja dzina lake sindilidziwa mpaka lero. Anali bambo wamfupi wa utuchi m'tsitsi, ndipo ndinadzamva pambuyo pake kuti mkazi wake anamusiya kalekale, zomwe ine sindinkadziwa ndiponso sizinkandikhudza. Tsiku lina la chiperoni ataona ndikunyowa anatulutsa benchi n'kuiika pansi pa shedi yake kuti ndikhalepo. Anayesa kuponda kiki kamodzi, n'kunena kuti iye amadziwa za matabwa basi. Chibwenzi chathu chonse chinali chimenecho, benchi ndi moni.

Koma anzawo a bambo, a kabaza, ankadutsa pamenepo m'mawa uliwonse ndi makasitomala awo. Njinga ankaidziwa, ine ankandidziwa. Ankaliza hutala, ena kukweza dzanja, koma palibe ngakhale mmodzi amene anaima kufunsa kuti alamu, chavuta n'chiyani. Amuna athunthu, sipanala ili pansi pa mpando, luso lili m'manja! Anasunga zonse m'maso, n'kudzazitula kunyumba kwanga Lamulungu masana, atabwera kudzazonda wodwala ndi kaphava ka nthochi. Ine n'kuwaphikira tiyi, n'kuwatulutsira makapu a alendo.

Madzulo a tsiku limenelo ndinali kuseri ndikuphika nyemba. Nditatambasula dzanja kuti nditenge kachitini ka mchere, alamu anafika kumbuyo kwanga n'kukatenga iwo.

"Mchere ndithira ine, alamu. Mwendo wa achimwene ukuchedwa kupola."

Mkazi aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Tinalangizidwa tonse kuti mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina sathira mchere m'ndiwo, angadule mwamuna wake, makamaka akakhala wodwala. Alamu sananditchule hule, ayi, iwo ndi mayi wa mpingo. Anangondilanda mchere pa mbaula yanga, pakhomo panga, pa nyemba zogula ndi thukuta langa. Ndinasiya chipande pomwepo.

Ndinalowa m'nyumba n'kuwafunsa bambo pamaso. Sanandiyang'ane. Anati anthu akumaona njinga yawo itaima pakhomo pa mwamuna wopanda mkazi m'mawa uliwonse, ine nditakhala pa benchi ngati kwathu. Ndinawakumbutsa kuti za kuzimako ndinawauza ndine, anzawowo asanatsegule pakamwa. Anati munthu wochenjera amayamba walambula njira. Kenako anandiuza kuti ndiilize njingayo pomwepo pabalaza. Ndinaponda kamodzi, chinthu chopanda manyazi chija chinalira bwinobwino. Anapendeketsa mutu kumvetsera, akundiuza ndiwonjezere moto, ndichepetse, ndizimitse.

"Njinga iyi ndaiyendetsa zaka, ilibe vuto. Njinga sinama, mayi."

Ana ndawaberekera, kubafa ndimawachirikiza ndine, kuchimbudzi ndimawaperekeza ndine, koma pa mlandu wanga mboni yokhulupirika inali chitsulo. Anatumiza mawu kwa ankhoswe kuti abwere Lamulungu lotsatira akaweruka kutchalitchi. Ndinkadziwa kumene nkhani zotere zimathera. Mkazi amalongedza, ana amagawanika, ndipo dzina limamutsatira mpaka kumanda.

Sabata yonseyo ndinkaphika, alamu n'kumathira mchere, ana akuona. Mwana wanga wamkazi wamkulu anali atatha kale msinkhu, ankamva zonse, ndipo anayamba kumadya atazolika. Chimenecho ndiye chinandipweteka koposa. Mumsika amayi oyandikana nawo benchi ankadula nkhani ndikafika, wina mpaka kundifunsa mwaulemu ngati ndikudziwa kogula mipando yotchipa. Kuphiri ndinkapitabe, poti m'nyumba munkafunika chakudya, koma njinga ikazima ndinkaigwirira pachitunda pomwepo, mabuleki ndili gwa, magalimoto akundipyola pafupi. Ndinali wokonzeka kugwera kuphompho kusiyana n'kukhalanso pa benchi ija.

Loweruka sindinapite. Ndinati kaya masitiroberi aole, lero njinga imeneyi indiuza zoona. Ndinaitulutsira kuseri pansi pa mtengo wa mapeyala, ndinaiimika pa sitandi yapakati, n'kukhuthula thumba la zitsulo la bambo pa chiguduli. Sindine makanika, koma zaka zonsezi amene ankawapatsira sipanala ndi kuwagwirira njinga akamamasula tayala anali ndani? Ndinkadziwa kuti injini imafuna moto, mpweya ndi mafuta, ndipo ikazima ndiye kuti chimodzi chasowa.

Ndinayamba ndi moto. Ndinamasula pulagi, ndinaigunditsa ku injini n'kuponda kiki. Inathetheka bwino, kamoto kabuluu. Sefa ya mpweya ndinaitulutsa, inali ndi fumbi la Chinamwali koma osati loti n'kubanikitsa njinga, ndinaikutumula n'kuibwezera. Pansi pa kabureta pali kasikuluwu kokhetsera mafuta. Ndinakamasula n'kukhetsera m'kapu kuti ndione ngati muli madzi, chifukwa petulo wa m'zigubu amene tinkagula akasowa pa filing'i sudziwa kumene wadutsa. Munalibe ngakhale dontho. Alamu ankadutsa ndi ndowa n'kumandiyang'ana cham'mbali. Bambo anali pakhonde, ankamva kulira kwa zitsulo zawo, koma sanafunse.

Dzuwa linafika pamutu ndisanapeze kanthu, ndipo ndinalira, misozi ya mkwiyo. Nditapukuta m'maso ndinayamba kudzifunsa. Bwanji imayenda kaye bwinobwino n'kudzafa itayenda mtunda womwewo? Bwanji imadzuka ikapuma? Kunyumba tinkailiza kanthawi kochepa, makanika anangozungulira msika. Palibe amene anaipatsa mpata woti imwe mafuta ambiri monga imachitira pokwera phiri. Ndiye ndinati mafutawo ndiwatulutsa ndekha ndione. Ndinatseka kampopi ka pansi pa thanki, ndinazula paipi ku kabureta, ndinailowetsa m'botolo la mafuta ophikira lotsuka bwino, n'kutsegula kampopi.

Petulo anatuluka bwino. Ndinanyonyomala ndikuyang'ana botolo likudzaza, mtima ukunena kuti apanso palibe. Koma pang'onopang'ono anayamba kuwonda. Anasanduka madontho. Kenako anaima, chonsecho thanki ili ndi mafuta ambirimbiri. Ndinati mwina chinyalala chatseka mkati, ndisuzumire. Ndinalowetsa kiyi m'chitsekero cha thanki n'kupotoza, koma chitsekero chinakanirira ngati wina akuchikoka mkati. Nditachizula ndi mphamvu ndinamva fyooo, thanki ikukoka mpweya, ndipo pansipa petulo anathamanga mpaka kusefukira pa zala zanga.

Ndinabwezera mafuta, ndinatseka, ndinayesanso. Chimodzimodzi. Aliyense amene anatsanulapo mkaka wa m'chitini amadziwa kuti ukaboola bowo limodzi sutuluka bwino, pamafunika lachiwiri lolowera mpweya. Njinga inkabanika, basi. Ikapuma pakhomo pa kalipentala mpweya unkalowa pang'onopang'ono m'mbali, n'kudzuka. Makanika uja sanalione vutolo chifukwa chinthu choyamba chimene anachita chinali kutsegula thanki.

Ndinatembenuza chitsekero chija n'kuchiyang'ana padzuwa. Kunsi kwake kuli kabowo kakang'ono ngati ka singano yosokera matumba, ndipo kanali kodzaza ndi chinthu chobiriwira, chotsindiridwa bwinobwino ndi chala, m'mbali mosalaza. Ndinanunkhiza. Sopo wochapira. Sopoyo ndinagula ndine, ndipo kamatidwe kakeko ndinali nditakaona pa chigubu cha palafini.

Ndinaimirira kuti ndikawaponyere chitsekerocho pamiyendo, koma ndinadzigwira. Ndikanachotsa sopoyo tsiku limenelo akanati ndakonza mwakachetechete n'kupeka nkhani. Ndinatseka thanki momwe inalili, sopo ali momwemo, ndinadzazamo mafuta, ndinasamba m'manja n'kukaphika. Alamu anathira mchere.

Lamulungu ankhoswe anafika, amalume anga ndi amalume awo a bambo, onse atavala majekete a kutchalitchi. Tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala womwewo. Anayamba ndi pemphero, kenako mawu ozungulira aja, akuti tamva zakutizakuti, akuti mapanga awiri avumbwitsa, akuti mkazi wa mwini amayenda ndi mutu. Amalume anga enieni, amene anandilera, ankangoyang'ana nsapato zawo. Atandipatsa mpata ndinati ndili ndi mboni, andilole ndikaitenge. Alamu anakonza chitenje, ndikuganiza ankayembekezera kuona kalipentala. Ndinalowa m'nyumba n'kutuluka ndikukankha njinga.

Botolo ndinawapatsa amalume awo a bambo kuti agwire okha. Ndinazula paipi, ndinatsegula kampopi. Tonse tinayang'ana petulo akutuluka, akuwonda, akudontha, akuima. Ndinawauza kuti apa ndiye tafika pakhomo pa kalipentala. Kenako ndinatsegula chitsekero. Fyooo uja anamveka mpaka kwa aneba, amene anali atayamba kale kuyanika zovala zouma pafupi ndi mpanda, ndipo petulo ananyowetsa mkono wa jekete la nkhoswe. Chitsekero ndinachiika m'manja mwa bambo, chagada.

Iwo sanafunike kuwafotokozera. Anatenga kamtengo ka machesi n'kutokosa kabowo kaja, sopo anatuluka, anauzira, mpweya unadutsa. Anafunsa kuti wachita zimenezi ndani. Alamu anavomera mosavutika, nkhope ili gwa. Akuti fungo linkatulukira pamenepo, analilondola ndi mphuno yawo, anatenga kiyi pa msomali n'kumata kuti wodwala azigona bwino ndiponso mafuta asamauluke. Akuti iwo akanadziwa bwanji kuti njinga imapuma.

Ndiye anthu anaseka. Ankhoswe anaseka mpaka kuombana m'manja, amalume anga anapukuta misozi, akuti Satana ndi wochenjera, amalowera ngakhale pa kabowo ka singano. Akuti tithokoze Mulungu kuti nkhani yatha bwino. Yatha bwino kwa ndani? Dzina langa linali litazungulira siteji yonse ya kabaza, pampopi, mumsika, mpaka kusukulu kwa mwana wanga. Kodi ankhoswewo akanayenda ndi botolo khomo ndi khomo? Za kumata kabowo alamu sindinawaimbe mlandu, munthu amalakwa pa chinthu chosachidziwa. Koma mchere uja anandilanda akudziwa chimene akuchita.

Ndinadikira. Ndinawayang'ana bambo, ndinati tsopano ayankhula pamaso pa anthu amene anawaitana okha. Anadzikoka ndi ndodo zawo mpaka pa njinga, anabwezera chitsekero, anapukuta petulo pa thanki ndi mkono wa malaya, kenako anaisisita.

"Pepa, tinakutseka mphuno."

Ankauza thanki. Ine ndinali chiimire pomwepo, manja akununkha petulo, zikhadabo zili bii, ndipo pepa yekhayo wa tsiku limenelo anapita kwa chitsulo. Ankhoswe anatseka ndi pemphero n'kumapita.

Madzulo ndinaphika mpiru wotendera. Alamu anabwera mwakachetechete n'kuika kachitini ka mchere pafupi ndi bondo langa, kenako anakapeza chochita kutsogolo kwa nyumba. Ndinakayang'ana kachitiniko kanthawi. Ndinapakula ndiwo momwe zinalili, kachitini n'kukaika patebulo pambali pa mbale ya bambo. Atalawa anakweza maso.

"Mchere, mayi?"

"Uzani njinga ikuthirireni. Paja sinama."

Anadya mpiruwo mpaka kutha, kachitini kali pafupi ndi dzanja lawo, osakakhudza. Ena ndikawauza amati kumeneko ndiye kupepesa kwa mwamuna, ndizimvetsa. Ine chiyankhulo chimenecho sindichimva. Pakamwa pamene panatuluka pepa wa thanki panali pomwepo, sipanali m'chikhakha.

Lolemba ndinakwera phiri osaima paliponse. Kalipentala anakweza dzanja ndikudutsa, ine ndinaliza hutala mokweza kuti a kabaza amene anali kumbuyo kwanga amve bwino. Chikhakha chinadzachoka, alamu anabwerera kumudzi, banja lilipo mpaka lero. Koma pakhomo pathu ndiwo zimafika patebulo zopanda mchere, aliyense amadzithirira yekha.